Nkhwangwa ya Alamu ku Halale

Ana inu, ndamva kuti Tadala akabwerera kusukulu kwake kunjako, amayi ake amutsatira kukamuona, ndipo iye wayamba kale kudzitama za malo amene akawaonetse. Khala pansi, Tadala. Ntchito yoonetsa abale tauni ya eni ndinaigwirapo ine, iwe usanalotedwe n'komwe, ndipo ndinaigwira nditatsagana ndi nkhwangwa. Yamikani, waseka chiyani? Ine sindinama. Bodza ndinalisiya tsiku limene ndinabatizidwa, ndipo mboni zanga pa nkhaniyi ndi anthu olemekezeka okhaokha. Zoti onse anamwalira si mlandu wanga.

Zinali zaka za Chitaganya, pamene azungu anamanga mayiko atatu mtolo umodzi ngati nkhuni, ife a Nyasalande n'kukhala nkhuni za pansi. Ine ndinali ku Halale, kumene azunguwo ankati Sozibele, ndikuphunzira ntchito ya chipatala: kutsuka mabala, kumanga mabandeji, kubaya jakisoni. Masingano tinkawiritsa m'kabeseni. Singano imodzi inkabaya anthu mpaka kubuntha, ikabuntha tinkainola pamwala ngati mpeni, mawa n'kuyambiranso. Munthu ankachira pongoiona. Inu lero singano yake ngati tsitsi, amabaya kamodzi n'kutaya, koma kulira kwake mpaka ku Lunzu akumva.

Ku Halale sitinkapita pa ndege, ngakhale Chileka ili pamphuno pathu pompa. Ndege tinkaidziwa kumimba kokha, ikamadutsa pamwamba pa munda. Ife tinkakwera basi ku Blantyre, kudzera ku Mwanza, kulowa m'dziko la Apwitikizi, n'kukadikira pantoni pa Tete kuti atiolotse Zambezi. Za kutentha kwa pa Tete sindifuna kunena zambiri, mungati ndikuwonjezera. Ndingonena kuti ulendo wanga woyamba nkhuku ya mayi wina inaikira dzira lowiritsa kale. Ndinadya nawo. Linangosowa mchere.

Tsono nkhani yeniyeni ndi ya achemwali anga a Fanesi, amene akuluakulu mwa inu munawapeza akugulitsa zitumbuwa pa Lirangwe, mutu uli mbuu. Pa utsikana wawo anakwatiwa ndi a Laisoni a ku Chigaru. Mwa mwambo wathu a Laisoni ndiwo anabwera kudzakhala kwathu chikamwini, atanyamula bulangete, khasu ndi nkhwangwa. Itatha njala ya fote naini anati akupita ku Halale kukafuna ya msonkho, abwera chimanga chikamacha. Bulangete anatenga. Khasu linatha ndi kulima. Nkhwangwa inatsala kuseri kwa chitseko. Chimanga chinacha, tinakolola, tinadya, chinachanso, chaka ndi chaka, a Laisoni zii. Anasanduka mtchona, munthu womezedwa ndi tauni.

Mvetsani bwino apa, chifukwa inu a masiku ano mumathetsa ukwati pafoni, munthu ali m'minibasi. Kwathu mkamwini akasiya chida chake m'nyumba, ndiye kuti mwini wake akadalipo. Nkhwangwa ili kuseri kwa chitseko, nyumbayo ili ndi mwamuna. Mkazi sakanakwatiwa kwina kufikira mwamunayo atalandira chida chake, n'kumusudzula ndi pakamwa pake, ankhoswe akumva. Ankhoswe a kwa a Laisoni atafunsidwa anati, "Ife sitingasudzule mkazi wa munthu wamoyo. Kamveni kwa mwini wake." Akulu a mpingo ananena zomwezo, anangowonjezerapo vesi.

Ndipo munthu wowafuna achemwali analipo: a Petulo a ku Chileka, ogwira ntchito pabwalo la ndege, bambo wofatsa amene mkazi wawo anamwalira n'kuwasiyira ana awiri aang'ono. Bamboyu anawadikira a Fanesi mpaka abale ake anatopa, n'kuwapezera mkazi wina. A Petulo anapempha kuti awapatse mpata mpaka mvula yoyamba. Mvula ikagwa a Fanesi asanasudzulidwe, basi, akwatira wa abale uja, achemwali anga n'kukalamba ndi nkhwangwa.

Ine zonsezi sindinkazidziwa. Kondakitala wa basi anangondiuza kuti amalume ako ndi mlongo wako akubwera kudzakuona. Ndinasangalala zedi. Buluku langa ndinalisita ndi nsimbi ya makala mpaka mzere wake unandicheka chala. Chipsera chake ndi ichi, bwerani muone. Ayi, si cha mpeni wosendera chinangwa, agogo anu aakazi asakunamizeni. Jekete ndinabwereka kwa mnzanga wa m'chipinda. M'mutu ndinali nditayala kale ulendo wonse: nyumba zosanja, paki, masitolo a magalasi, kenako chipatala chathu kuti aone mwana wawo atavala zoyera.

Unali mwezi wa Okutobala, mitengo ya m'misewu ya ku Halale itachita maluwa a mtundu wa pepo ngati mankhwala a zilonda za m'kamwa. Basi itaima pa siteshoni ya pa Musika, anayamba kutsika ndi amalume a Jailosi, mwini mbumba wathu, atavala chijasi cha usilikali chimene anabwera nacho ku nkhondo ya ku Bama, dzuwa likuswa mtengo. Pambuyo pawo achemwali, atabereka mwana kumbuyo, atamuveka kachipewa koluka n'kumufunditsa mpaka kumaso.

Ndinadabwa. Mwamuna kulibe zaka zonsezi, mwana wachokera kuti?

"Achemwali, uyu?"

"Usafuule, Yohane. Tamugwira mutu."

Ndinagwira. Chitsulo.

Masiku amenewo zinthu zinali zitayamba kuvuta, ndipo munthu wakuda akapezeka ndi chikwanje kapena nkhwangwa m'tauni ankakagona kupolisi. Dalaivala atawauza zimenezi pa Mwanza, amalume anaikulunga nkhwangwayo m'kabulangete, mutu m'mwamba, mpini n'kuutsitsira m'chitenje. Mwayi wake mpini unali waufupi, pakuti a Laisoni nawo anali aafupi. Mayi wina m'basimo akuti anayamikira, amvekere mwana wanu ndi wofatsa, njira yonseyi osalira. Achemwali anayankha kuti watengera bambo ake, samveka.

Atandifotokozera zonse, ndinati, "Amalume, ine ndimati mwabwera kudzandiona."

"Takuona. Wanenepa. Tsopano tionetse Laisoni."

"Sindikudziwa kumene amakhala. Ndinafunsafunsa nditangofika, koma kuno si ku Lirangwe."

"Ukukhala ndi munthu mudzi umodzi osadziwa pakhomo pake? Kusukulu kwakoko akukuphunzitsani chiyani?"

"Mabala, amalume."

"Chabwino. Tionetse tauni yakoyo, tizimuyang'ana m'njira."

Ndinawapezera malo ogona kwa mkulu wa mpingo wina wa kwathu konkuno amene ankakhala mulokeshoni, ndipo m'mawa mwake tinalowa m'tauni tonse anayi, kuwerengera ndi khandalo.

Ndinayamba ndi nyumba zosanja. Ndinawaimika patsinde pa yaitali kuposa zonse, ndikudikira kuti adabwe. Amalume anayang'ana m'mwamba mpaka chipewa chinagwa. Anachitola, anayang'ananso, chinagwanso chili m'manja.

"Amakhalamo anthu mpaka pamwambapo?"

"Amagwiramo ntchito."

"Wina akamwalira pamwambapo amamutsitsa bwanji?"

Ndinawauza kuti muli kachipinda kamene kamakwera ndi kutsika kokha. Tinakaonera pagalasi la pakhomo, chifukwa sikanali kokwera ife. Amalume anakayang'anitsitsa n'kunena kuti bokosi silingalowemo chogona, ndiye kuti malemuwo amatsika choimirira, zimene si ulemu.

Kenako ndinawaonetsa masitolo. Nsalu, mapoto, nsapato, zonse zili mbee kuseri kwa magalasi. Ife tikafuna kugula tinkazungulira kumbali, pakawindo, n'kuloza chinthu chili kutali ngati ukuloza nyenyezi. Nsapato sankalola kuyesa. Unkangotchula saizi, zikakuthina ndiye kuti phazi lako ndilo lalakwa. Ku paki ndinawaonetsa mabenchi okongola kwambiri, opakidwa utoto wobiriwira, pamthunzi. Tinawaona bwinobwino titaimirira. Pakati pa pakipo panali madzi otumphukira m'mwamba usana wonse popanda wotunga. Amalume anafunsa ngati mwini wake akudziwa kuti paipi yake yaphulika.

Achemwali sanaone chilichonse mwa zimenezi. Ine ndikuloza m'mwamba, iwo maso ali pamakosi ndi pamayendedwe a amuna aafupi. Akaona wamfupi patsogolo ankafulumira, kumupitirira, kumuyang'ana kumaso, n'kubwerera mwakachetechete. Akakweza maso, sankayang'ana nyumba koma mitambo. Inali itayamba kuunjikana chakum'mawa, yoyera pamwamba, yakuda kunsi.

"Yohane, mvula ya kuno ndi ya kwathu imayambira limodzi?"

"Nthawi zina ya kuno imafulumira, achemwali."

"Nthawi zina," anabwereza, n'kumangitsa chitenje pachifuwa.

Tsono amalume anali ndi khalidwe limene inu munalitaya: sankadutsa munthu osamupatsa moni. Ku Lirangwe zimenezo n'zotheka. Pamsewu waukulu wa ku Halale, nthawi ya nkhomaliro, ndi ntchito yofuna anthu aganyu. Aliyense wobwera kutsogolo, amalume chipewa m'manja, "Muli bwanji, bambo?" Mashona ankangowayang'ana n'kudutsa. Mzungu wina anawapatsa ndudu poganiza kuti akupempha. Koma apo ndi apo munthu ankaima njii ngati waponda minga.

"Tili bwino, kaya inu? Kumudzi n'kuti, bambo?"

Apo ndiye pamayamba msonkhano. Mvula ya chaka chatha, mbewa, ndani anamwalira, mlatho uja anakonza kodi. Anthu a kwathu anali paliponse, ana inu: ophika, olima maluwa, alonda, onyamula katundu. Mukanachotsa Anyasa tsiku limodzi, azungu a ku Halale akanadya maluwa osathirira. Msewu umene ine ndinkaudutsa tiyi asanazizire, tsiku limenelo tinautha dzuwa litapendeka. Ndipo aliyense ankamudziwa Laisoni. Wina ankadziwa Laisoni wamtali. Wina Laisoni wa diso limodzi. Wina Laisoni amene anaikidwa chaka chatha, wa ku Mulanje. Achemwali atamva za womwalirayo anatseka maso, kenako anafunsa msinkhu wake. Anali wamtali nayenso.

Tikubwerera kulokeshoni, wapolisi wachikuda anatiimitsa kufuna zitupa. Tinamuonetsa. Akutibwezera, maso ake anagwera kumbuyo kwa achemwali.

"Mwana ameneyu bwanji sakugwedezeka?"

Amalume anayamba kuyang'ana mitengo. Ine ndinatulutsa khadi langa la kuchipatala. "Ndi wodwala wathu, bwana. Tikupita naye."

"Akudwala chiyani?"

"Kuuma thupi."

"N'zopatsirana?"

"Akakukhudzani pakhosi, simudzuka."

Sindinaname ngakhale liwu limodzi, mwaona. Wapolisiyo anabwerera m'mbuyo, n'kutiimitsira magalimoto kuti tiwoloke msanga.

Kunena za chakudya, musaganize kuti tinkalowa m'malesitilanti ngati inu, kujambula mbale musanadye. Tinkagula mabanzi ndi tiyi wa m'chitini cha jamu, n'kukhala m'mphepete mwa ngalande. Achemwali anali atanditengera chikondamoyo cha amayi, chokulunga m'masamba a nthochi, koma chinali chitadutsa pa Tete. Wapolisi uja akanachipeza, akanatimanga chifukwa cha icho, nkhwangwa n'kuisiya. Ndinachinyika m'tiyi, chinamwa tiyi yense, chili chiumire. Koma ndinachidya, ana inu, mpaka nyenyeswa. Munthu ukakhala kwa eni, ngakhale mwala wa kwanu umakoma. Tadala, zimenezi udzazimvetsa wekha kukazizira.

Tsiku lotsatira ndinati ndiwaonetse msika waukulu wa pa Musika, kenako chipatala. Kuchipatalako sitinafike, ndipo mpaka anamwalira amalume sanandionepo nditavala zoyera. Ankauza anthu kuti mwana wa mlongo wawo anaphunzira kuyenda m'misewu. Pakhonde la sitolo ina pamsikapo panali telala akupalasa makina, pakamwa pali mapini. Amalume, monga mwa nthawi zonse, chipewa m'manja.

"Muli bwanji, bambo?"

Telala analavula mapini. Anali wa ku Mdeka. Atatha za mvula ndi maliro, amalume anafunsa za Laisoni wa ku Chigaru, wamfupi, wodukapo chala chaching'ono cha kumanzere.

"Aa, mukunena Joji! Kuno dzina la Laisoni analisiya, mzungu wake linkamuvuta. Ndi mbale wanga ameneyo, agogo athu anali pachibale. Amaphika kumayadi, koma Lamulungu amakhala ku Haifilidi, kwa mkazi wake."

Makina anasiya kulira. Telala anayang'ana achemwali, anayang'ana mwana kumbuyo, n'kuzindikira kuti pakamwa pamuthamangira. Achemwali sanagwetse msozi. Anangosuntha khanda lija pang'ono, chifukwa linali litawasupula msana, n'kufunsa kuti, "Lamulungu ndi mawa, eti?"

Amalume anamupempha telalayo kuti, poti ndi mbale wa mwamuna, atiperekeze akaime ngati nkhoswe wa mbali imeneyo. Anayamba wakana, akuti ali ndi mabuluku a anthu. Amalume anakhala pansi pakhonde pomwepo, n'kuyamba kupereka moni kwa makasitomala ake mmodzimmodzi. Posakhalitsa telala anavomera.

Ku Haifilidi tinyumba tonse tinali tofanana, ta njerwa, m'mizere ngati mbatata. Munthu woledzera ankagona kwa aneba sabata yonse osazindikira, anebawo osazindikiranso. Tinawapeza a Laisoni ali pakhomo, akumata chubu cha njinga, atavala malaya oyera. Anali atanenepa, koma kutalika ayi. Atationa, chubu chinagwera m'beseni.

Moni unaperekedwa wonse, mwadongosolo, ngati tinasiyana dzulo. Mipando sanatulutse. Kenako maso awo anaima pamsana pa achemwali, nkhope n'kusintha. Munthu amene anasowa zaka zonsezo anatupa ngati finye.

"Fanesi, mwana ameneyo ndi wa yani?"

"Ndi wanu. Munamusiya kuseri kwa chitseko."

A Laisoni anaona nsonga ya mpini ikusuzumira kunsi kwa chitenje, n'kumvetsa. Pomwepo manja onse awiri anawabisa kumbuyo, ngati mwana wa sukulu pa asembule.

"Sindilandira. Ine ndibwera. Ndinanena kuti ndibwera chimanga chikamacha."

"Akamwini," anatero amalume mofatsa, "chimanga chake chiti? Chimene munasiya chija zidzukulu zake zili m'nkhokwe."

"Ndikukonzeka, bambo. Zinthu zikangokhala bwino."

Yamikani, ukufunsa kuti bwanji sanangoiponya pamapazi pawo n'kumapita? Ndi mmene mumachitira inu. Chotayidwa si cholandiridwa. Chinayenera kulowa m'manja mwawo kapena m'nyumba mwawo, osati mokankhira. A Laisoni ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake anaima pakati pa ife ndi khomo, manja kumbuyo. Tinaima choncho padzuwa, kutali kukumveka kugunda.

Kenako achemwali analankhula, mawu ali pansipansi.

"A Laisoni, ine sindinabwere kudzakangana. Ndakudikirani. Denga ndakhala ndikufolera ndekha. Pamaliro a mayi anu ndinakatunga madzi ndi kuphika ngati mpongozi, anthu akundiloza. Tsopano pali munthu akundifuna, ndipo ana ake andizolowera. Mvula ikagwa ndamutaya. Inu muli ndi pakhomo pano. Ndimasuleni."

"Amayi anamwalira?"

"Chaka cha dzana. Tinasowa kotumiza uthenga."

A Laisoni anaweramitsa mutu. Koma manja sanawatulutse.

Apo ndi pamene anatulukira mkazi wawo, akuchokera kutchalitchi. Anali Mshona, mayi wathupi, wamtali moti a Laisoni ankamufika m'khwapa. Anaona alendo ataima padzuwa, opanda mpando, mayi ali ndi khanda lofunditsidwa kumutu kutentha konseko. Anamukalipira mwamuna wake m'Chishona, mawu amene sindingawamasulire pamaso pa ana. Anatiombera m'manja mwaulemu. Ndiyeno anachita zimene mayi aliyense wolongosoka amachita, kuno ngakhale kumeneko: anazungulira kumbuyo kwa mlendo kuti amulandire mwana, mayi apume.

A Laisoni anakuwa. Mkaziyo anaganiza kuti akupitiriza mwano wawo, sanawalabadire. Achemwali sanakankhe. Anangomasula mfundo ya chitenje.

Mayi uja analandira mtolowo, akuunyengerera ndi timawu, n'kuthamangira nawo m'nyumba kumthunzi, mwamuna wake atamukankhira pambali ndi chiuno. M'nyumbamo munati zii. Kenako anatuluka, dzanja lina nkhwangwa, dzanja lina kachipewa.

Amalume anatembenukira kwa telala. "Ankhoswe, mwaona?"

"Ndaona. Yalowa."

"Bweza! Bweza!" a Laisoni akulumpha kuti ailande, koma mkaziyo anangoikweza m'mwamba, n'kundiyang'ana ine wa jekete kuti ndifotokoze. Chishona changa chinali cha m'chipatala: pakupweteka ndi pati, tsegula pakamwa, usaope. Komabe ndinayesetsa, manja akuthandiza. Ndinati mayi awa ndi mkazi wawo wa ku Nyasalande. Nkhwangwa iyi ikabwerera, ndiye kuti bambowa ali ndi nyumba ndi mkazi kumeneko. Ikatsala kuno, alibe.

Mayiyo anayang'ana achemwali. Anayang'ana mwamuna wake, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ulendo wosatalika. Analowa m'nyumba, tinamva chitsulo chikukhulukutira pansi pa bedi, anatuluka n'kukhala pakhomo, kudzaza mphuthu zonse ziwiri. Ndagwira ntchito m'zipatala zambiri, ndaona zitseko zachitsulo za kosungira mankhwala, koma khomo lotsekeka ngati limenelo sindinalionenso.

A Laisoni anakhala pansi, padothi, pambali pa njinga yawo. Ukali wonse unatha.

"Bambo, ndikafa kuno adzanditengera kuti? Amayi apita. Nyumba ija ndiyo inali njira yanga yobwerera."

Amalume anavula chipewa, nawonso n'kunjuta pafupi nawo.

"Akamwini, nyumba ya mwana wa mlongo wanga si siteshoni yodikirira maliro anu. Muli munthu wamoyo mmenemo. Kwanu ku Chigaru manda sanadzaze, pafupi ndi mayi anu malo alipo. Mukadzabwera, woyenda kapena wonyamulidwa, ife tidzafika, sitinadane. Koma lero nenani mawu."

A Laisoni anatembenukira kwa achemwali. Kenako anati, "Fanesi, ndakusudzula. Kakwatiwe. Ulibe mlandu ndi ine." Anafufuza m'matumba kanthu kopereka ngati chizindikiro, sanapeze, ndiye anadula batani la malaya awo n'kuliika m'manja mwa amalume, amalume n'kupatsira achemwali.

"Malaya amenewo ndinasoka ine," anadandaula telala.

Mayi wa Chishona uja anatiphikira tiyi wamkaka ndi buledi wopaka majarini. Iye ndi achemwali anakhala pamphasa imodzi, wina osamva chinenero cha mnzake, koma ndinawaona akuloza a Laisoni ndi milomo n'kuseka mpaka kugwirana mapewa. Kachipewa koluka kaja achemwali anamusiyira. Mayiyo anali woyembekezera.

M'mawa mwake ndinawakweza basi. Ndinati atsale tsiku limodzi ndiwaonetse zotsala, achemwali anangondilozera kumwamba. Madontho oyamba anagwa basi isanatuluke n'komwe pa Musika. Ndinaona nkhope yawo pawindo, batani atalimanga pakona ya mpango, akuyang'ana madzi akutsetsereka pagalasi.

Zotsalazi sindinazione ndi maso, anandiuza ndi achemwali ndi amalume, aliyense payekha, ndipo zinagwirizana. Msewu wa m'dziko la Apwitikizi unali wadothi. Basi inatitimira isanafike pa Tete, anaikankha, inatitimiranso. Pantoni anaimitsa chifukwa cha madzi. Anagona m'njira masiku ambiri, akudya mango osapsa. Pamene ankafika ku Mwanza anapeza anthu akubzala. Pofika kuno, chimanga chinali chitamera, mizere ili biriwiri. Amalume anati tipite kunyumba ukapume, achemwali anakana. Anati ngati a Petulo akwatira, akamve okha ndi makutu awo, ndipo anayenda wapansi mpaka ku Chileka, mvula ikuwakwapula.

Tsono inu mukudziwa kuti mvula yeniyeni isanayambe kumagwa kamvula kongozimitsa moto wa m'tchire, kamene timati chizimalupsa. Kameneko sikawerengedwa. Mvula itagwa koyamba ku Chileka, abale a a Petulo anabwera kuti nthawi yakwana. A Petulo anatuluka, anayang'ana kumwamba, anati ichi ndi chizimalupsa. Itagwa kachiwiri, usiku ndi usana, anabweranso. A Petulo anafukula dothi ndi chala, anati chizimalupsa chaka chino chachedwa kutha. Yachitatu inakokolola mlatho ndi mbuzi za anthu. A Petulo anati sanaonepo chizimalupsa champhamvu chotere. Mudzi wonse unabzala, iwo okha ayi, chifukwa kubzala kukanakhala kuvomera. Munda wawo unali wokhawo wofiira pakati pa minda yobiriwira, mbewu ili m'dengu m'nyumba, abale akuwatukwana kuti ana adzadya chiyani.

Achemwali anawapeza ataima m'munda momwemo, madzi akuyenderera m'chipewa. Sanapereke ngakhale moni. Anamasula mpango n'kuwaonetsa batani.

A Petulo analiyang'ana, analitembenuza, n'kuliika m'thumba la pachifuwa. Kenako anakweza maso kumwamba, mvula ikuwamenya kumaso, madzi ali m'akakolo.

"Mayi," anatero, "kukuoneka ngati kugwa mvula. Tiyeni tikatenge mbewu."